Amalume aphunzira kuluka lichero

Ndikukumbukira chaka chimene matipate anabwera, chifukwa ndi chaka chomwe amalume anga, a Sitolo, anaphwa ngati mpira wolasidwa ndi minga. Ine ndinali kamtsikana ka ku pulayimale, ndikukhala kwa iwo ku Thambani. Zinthu zisanasinthe, amalumewo ankaima pachipata cha msika n'kumabweza aliyense wopanda khadi la chipani. Anthu ankawalonjera akadali patali, ena nkhuku ili m'manja, ndipo iwo ankayesa chikondi.

Voti itadutsa, moni anauma. Nkhuku nazo zinaiwala njira ya kwathu. Amalume ankangokhala pakhonde, akununkha kachasu, n'kumalamula mbuzi. Tsiku lina akazi awo anatopa nazo.

"Bambo, mukapanda kupeza chochita, ine ndikubwerera kwathu ku Zobwe."

Chochitacho chinali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, pomwe abambo ndi amayi ankaluka malichero, madengu ndi mphasa. Ine ndinkapitako ndikaweruka kusukulu. Wotsogolera gululo anali a Nagama, mayi amene amalume anawagulitsapo makhadi awiri ali oyembekezera, linalo la mwana wa m'mimba. Amalume anafika atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. A Nagama anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Khadi muli nalo, a Sitolo?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amalume anayang'ana njira, kenaka anakumbukira za ku Zobwe.

"Khalani pansi," anatero a Nagama. "Akuphunzitsani ndi mwana wa mlongo wanuyu."

Motero ndinakhala mphunzitsi wa munthu amene msika wonse unkamuopa. Pamalopo pankanunkhira nsungwi zonyowa, ndipo nsungwizo sizinkadziwa maudindo: zinawacheka zala tsiku loyamba lomwelo. Lichero lawo loyamba linali lopindika ngati khutu la galu. Ukapeta, mphale inkagwa pansi, gaga n'kutsala. Iwo anati vuto ndi nsungwi za matipate, zosamva malamulo.

Koma m'mawa mwake anapitanso, ndiponso mkuja mwake. Kachasu anachepa, poti woledzera nsungwi zimamulanga pomwepo. Anthu ankawanena pamaso, chinthu chomwe iwo anali asanachilawepo, mpaka nawonso anaphunzira kubweza nthabwala. Atadwala nthawi ya dzinja, a gulu lija ndiwo anadzatipalira munda wa mtedza, a Nagama ali patsogolo ndi khasu, pakamwa posatseka. Akazi awo sanapitenso ku Zobwe. Malichero a amalume sanawongoke kwenikweni, koma ankagulidwa, mwina ndi anthu ofuna kungowaona akunena kuti zikomo.

Lero mabeseni apulasitiki adzaza misika, ndipo magulu ambiri amakumanira pa foni, pomwe palibe wokupalira munda. Ngakhale ogwa pamipando asintha. Masiku ano sakhalanso pansi kuti mwana awaphunzitse kanthu. Amangogula nsalu ya mtundu wina, m'mawa n'kuwaona ali kutsogolo, akuvina kuposa eni nyimbo.