Vanishi Wokana Kuuma

"Zaka makumi awiri muli pano, lero vanishi wakukanikani? Mwakalamba alamu, ingovomerani."

Anatero mwini shedi ya ukalipentala, akuloza chitseko cha m'bawa chomwe chinkamata ngati uchi, tsiku lachinayi chipakireni. Mwini chitsekocho, mayi wa sitolo ya nsalu, anali atanenetsa kuti Loweruka akubwera ndi galimoto kudzachitenga.

Wokalipiridwayo anthu amamutcha Sandipepa, poti zala zake zinatha mizere ndi kupala matabwa. Munthu ameneyu thabwa amaliwerenga ndi chikhatho. Akapaka tebulo, ntchentche imatererekapo. Ndiye lero aiwale ntchito? Bodza limenelo.

Chomwe chinachitika ankachidziwa. Matabwa aja asanafike m'manja mwake, mwini shedi anawanyika m'mankhwala a chiswe, atathiramo oilo wakuda wa galimoto kuti achuluke. M'bawa ndi wolimba, sumwa msanga. Mafuta amangoti mbuu pamwamba, nanga vanishi agwira pati? Sandipepa ananena tsiku lomwelo: "Alamu, awa tiwasiye milungu itatu, apume." Mwini shediyo anamuyankha kuti thabwa lilibe mapapo.

Koma akanatani? Mwini shedi ndi mchimwene wa mkazi wake. Chipinda chomwe amagonamo ndi ana anayi chili kuseri kwa shedi yomweyo, khoma limodzi ndi makina ochekera. Kompuresa yopopera vanishi si yake, burashi yomwe si yake. Akangokweza mawu, katundu panja.

Anapala chitseko chija kachiwiri, pepala lopalira n'kumangodzaza phala. Anapukuta ndi thina, mankhwala osungunulira vanishi, mpaka maso psuu, mutu waa. Mafuta ankatulukabe m'thabwamo ngati thukuta.

Loweruka mayi uja anafika, nakhudza chitseko, chala n'kukakamira.

"Wapaka ndani zimenezi?"

"Ndi akuluwa, mayi," anatero mwini shedi, osaphethira n'komwe. "Maso ayamba kuwavuta. Timangowasunga poti ndi achibale."

Sandipepa anacheukira kuchipinda kwake. Mkazi wake anali chiimire pakhomo ndi beseni la zovala, akupukusa mutu kuti asayerekeze. Koma Sandipepa anawerama, nakoka chigubu cha oilo pansi pa benchi, n'kuchiika pamapazi a mayi uja.

"Alamu, mayiwa afunsa. Auzeni chomwe chinalowa m'thabwali ine ndisanaligwire. Nenani ndi pakamwa panu, tonse tikumva."