Phula la pa ng'oma yanga

Ndinaimba ng'oma ya chimtali ku Mitundu zaka khumi ndi ziwiri. Ng'omayo ndinasema ndekha, chikopa ndinakunga ndekha.

Wotsogolera nyimbo anali mayi wina amene anthu ankamutcha Dona. Dzinalo linayamba ngati chipongwe, iye n'kulikonda. Mawu anali nawo, sindikana. Akakweza nyimbo, amumsika ankasiya malonda. Koma Dona sankasenza madzi pokonzekera gule. Sankakhala pansi, ankafuna mpando. Sankalowa m'bwalo pamodzi ndi anzake. Ankadikira kuseri mpaka ng'oma yanga igunde katatu, mawu akuya, ndipo ankatulukira akugwedeza mpango woyera. Kugunda kumeneko kunkachokera pa phula limene ndinkamata pakati pa chikopa.

Chaka china kunamveka kuti kukubwera nduna ku msonkhano wa chipani ku Nathenje, ndipo lole idzatenga ovina. Pokonzekera, Dona anaimitsa nyimbo pakati.

"Bambo inu, manja anu akalamba. Mukundikokera m'mbuyo."

"Mayi, mukuthamanga ndinu."

"Ng'oma n'chiyani? Ngakhale mbuzi itaponda pamenepo ilira. Anthu amabwerera ine."

Amayi anaseka. Mkazi wanga anali pomwepo, anayang'ana pansi.

Dona anauza apampando a chipani kwathu kuti pa lole pakwere mlamu wake, munthu woimba kwaya, ndipo ine ndimubwereke ng'oma yanga. Masiku amenewo zokhudza msonkhano sunkakana. Ndinavomera. Ndinapita nayo kuseri kwa chigafa cha fodya, ndinapala phula lonse ndi mpeni, n'kupukuta bwinobwino. Mlamuyo anailandira ndi manja awiri, nathokoza. Sanaone kanthu.

Ku Nathenje ndinapita pa njinga, khadi la chipani m'thumba. Ndinaima kutsogolo.

Nthawi ya Mitundu itakwana, amayi analowa m'bwalo. Mlamu uja anamenya katatu. Ng'oma inalira ngati chitini chopanda kanthu. Dona kuseri sanaizindikire, anadikirabe. Mlamu anamenyanso. Dona osatuluka. Amayi anangoima padzuwa, nduna ikuyang'ana wotchi. Apampando thukuta kamukamu.

Pamenepo mkazi wanga, amene zaka zonsezo ankangovomera nyimbo kumzere wakumbuyo, anaiyamba yekha. Mawu ake ndi aang'ono, koma amayi anavomera, gule n'kuyenda. Dona anatulukira nyimbo ili pakati, mpango m'manja, malo ake palibe. Wachinyamata wa chipani anamukankhira kumbuyo ngati wochedwa wamba.

Sanatsogolerenso. Apampando sanamukhululukire.

Patapita sabata Dona anabweza ng'oma yekha, ataisenza pamutu. Anaitula pakhomo, maso ali pakati pa chikopa pamene panayera.

"Munachotsa ndinu."

"Mbuzi ikanaponda, mayi. Ikanalira."

Mpando sindinamupatse.

Anamwalira kalekale. Pamaliro pake ndinapita, ndinakumba nawo manda, monga ayenera munthu. Abusa ena anandiuza kuti ndilape. Ndalapa zambiri pa moyo wanga. Za phula lija ayi.