Lamulungu Ndi Langa

Nditafika ku Cape Town, achimwene anandilandira ndi zinthu ziwiri: kachipinda kuseri kwa mkhukhu wawo ku Masiphumelele, kumene timangoti ku Masi, ndi malamulo. Mkhukhu ndi kanyumba ka malata ndi matabwa, ndipo kachipinda kangako kankangokwana matiresi ndi chikwama. Malamulowo ndiwo anali aakulu. Kuntchito, kunyumba. Kutchalitchi, kunyumba. Mutu pansi, ndipo m'takisi osayankhula Chichewa mokweza.

"Kuno tinabwerera ntchito, iwe," anatero tsiku loyamba lomwelo. "Zoona malo n'za azungu."

Sindinatsutse. Ndinali nditangotsika basi kuchokera ku Ntcheu, miyendo itatupa, ndipo ndinalibe kwina kogona. Komanso ndinkadziwa kumene mantha awo anachokera. Chaka china, alendo atayamba kusakidwa m'makomboni, anthu a konkuno anawagwira pokwerera takisi n'kuwathyola mkono. Mpaka lero mkonowo suwongoka bwino.

Ntchito ndinaipeza ku Kommetjie, m'nyumba ina yogona alendo. M'chipinda chilichonse madamu, eni nyumbayo, ankaikamo kabuku ka zithunzi kouza alendowo malo okaona, ndipo ntchito yanga ina inali yokapukuta fumbi. Alendo ankachokera maiko akutali, kukhala masiku anayi, n'kuona zonse za m'kabukumo. Ine chaka chathunthu ndinkangosesa mchenga umene ankabwera nawo m'nsapato. Zinayamba kundinyansa. Munthu wakwera ndege kudzaona nyanja imene ine ndimaimva fungo ndikamatsuka bafa, koma ine osaikhudzako ngakhale ndi chala chakuphazi?

Amene anandiyambitsa anali mayi wina wa Chixhosa, wochapa m'nyumba yoyandikana ndi ya madamu. Masana tinkamwera tiyi pa mpanda, wina uku wina uko.

"Sisi, Sande umatani?" anandifunsa.

"Ndikachoka kutchalitchi ndimachapa za achimwene."

"Hayi, sisi. Masiku sikisi ukuchapira madamu, la seveni ukuchapira bhuti wako. Ofu yako ili kuti?"

Lamulungu lotsatira ndinachapa m'mamawa, ndinakapemphera, kenako ndinauza alamu, akazi a achimwene, kuti ndikukaona mnzanga. Silinali bodza kwenikweni. Ine ndi mayi uja tinakwera takisi mpaka ku Fish Hoek, kumeneko n'kukwera sitima ya ku Kalk Bay. Sitimayo imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, moti mafunde amakhala ngati alowa pa zenera. Ndinakakamira mpando, mnzanga akungondiseka.

Mpaka lero malo a pamtima panga ndi Kalk Bay. Pa doko pamakocheza maboti a asodzi, amayi akupala nsomba uku akuzazirana m'Chiafirikansi, ndipo zinyama za m'madzi zonenepa ngati matumba a chimanga zimagona panjira osasunthira munthu aliyense. Palibe amene amakufunsa kuti wadzatani. Umangokhala pa khoma n'kumadya zako.

Kuchokera pamenepo sindinabwererenso m'mbuyo. Ndinafika ku Simon's Town kukaona mapengwini, mbalame zoyenda chilili ngati madikoni akupita kukalandira chopereka. Ndinafika m'munda waukulu wa pakati pa tauni, kumene agologolo amadya m'manja mwa anthu, ndipo ndinawauza kuti athokoze Mulungu poti sanabadwire ku Ntcheu. Ku Muizenberg ndinaviika phazi m'madzi n'kulichotsa msangamsanga. Nyanja ya kuno imaluma ngati madzi a m'firiji.

Kabuku ka madamu kanalembedwera anthu a galimoto, ndiye malangizo anga ndinachita kuwaphunzira ndi thupi. Tenga juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa nyengo ya kuno imasintha maganizo kangapo pa tsiku. Chitenje manga mfundo yeniyeni, osangopinda. Mwera wa kuno ulibe ulemu, ndipo ine unandivula pamaso pa anthu odikira sitima. Nyamula buledi, mazira owiritsa ndi botolo la madzi, koma kumene kuli anyani usatulutse kanthu, amalanda ngati alipira okha. Mapepala ako yenda nawo, foni ibise pachifuwa. Polowa m'takisi nena kuti molweni, ndiwo moni wawo, potsika nena kuti enkosi, ndiye zikomo, anthu amafewa. Nthawi zina mchenga umakwirira njanji ya ku Simon's Town, ndiye usataye mtima, takisi zilipo. Phiri usakwere wekha, ndipo bwerera dzuwa likadalipo.

Chimene chinandigwiritsa chinali chithunzi. Ndinajambulitsa ndili ndi mapengwini aja n'kutumizira amayi kumudzi, amayi n'kuonetsa anthu a kumpingo, ndipo chithunzicho chinayenda mpaka chinabwerera ku Masi, m'foni ya achimwene. Loweruka madzulo anandiitana, alamu ali pa mpando.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi mbalame, achimwene."

"Usandiyankhe zachipongwe. Wakhala ukuyenda ndi ndani?"

Ndinawauza. Nkhope yawo inagwa.

"Anthu omwewo? Waiwala mkono uwu? Apolisi akakugwira, kapena akakubaya ku bichi uko, amayi ndikawauza kuti chiyani? Kuti anapita kukaona mbalame?"

"Amene anakuthyolani si mayi ameneyu, achimwene. Ndipo inuyo anakugwirani mukuchokera kuntchito, osati ku bichi."

Mawu amenewo anali oona, koma anawapweteka, ndipo ndinadziwa pomwepo.

"Mvera bwino," anatero motsitsa mawu. "Ukangotulukanso Sande, katundu wako udzam'peza panja. Ine sindisunga tourist."

Sankaseka. Ndipo ku Masi pogona si nkhani yamasewera. Zipinda n'zosowa, zina zili kudambo kumene madzi amalowa m'nyumba nyengo yozizira, ndipo mkazi wachilendo wokhala yekha aliyense amamudziwa khomo lake. Kwa achimwene kunali loko wolimba ndiponso anthu a magazi anga. Ndinachita mantha, sindibisa. Koma mawa lakelo tinali titapangana kale ndi mnzanga uja ndi abale ake kuti tikwera phiri la Chapman's Peak, limene ndinkaliona tsiku ndi tsiku ndili m'takisi ya kuntchito. Ndinadzifunsa kuti, ndikasiya lero, ndidzatulukanso liti? Mwina tsiku lopita kwathu, ndili m'bokosi.

Lamulungu m'mamawa ndinachapa zawo zonse monga mwa masiku onse, ndinayanika, ndinakapemphera. Kenako ndinavala nsapato zamasewera zimene mlendo wina anasiya kwa madamu, n'kudutsa pamaso pawo. Ndinatsanzika ndithu. Anayang'ana kumbali.

Phirilo linandionetsa zakuda. Njira yake ndi ya miyala, mphepo ikukankha, mawondo akuwawa. Kawiri konse ndinakhala pansi n'kunena kuti ndisiyeni pompano, mudzandipeza potsika. Mnzanga ankangondikoka dzanja. Titafika pamwamba ndinaiwala mawondo. Mbali ina kunali doko la Hout Bay, mbali inayi mchenga woyera wa ku Noordhoek utayalidwa mpaka ku Kommetjie.

"Kwanu si uko," anatero mnzangayo akuloza.

Kuseri kwa dambo kunali kachigamba ka malata othithikana, kakung'anima ndi dzuwa. Ndinakaphimba ndi chikhatho chimodzi. Masi yense, tchalitchi, pokwerera takisi, mkhukhu wa achimwene, zonse zinalowa m'chikhatho changa. Ndimayembekeza kuti ndikondwa, koma ndinalira. Ndinalirira achimwene, amene akhala m'kachigamba kameneko zaka zonsezi, dziko lonseli lili pambali pawo.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Chikwama chinali panja, matiresi atakulungidwa bwinobwino ndi chingwe, mapoto anga ali m'ndowa. Alamu anaima pakhomo maso ali ofiira. Anandinong'oneza kuti alankhula ndi mayi wina wa ku Mzimba, wa kutchalitchi kwathu, kuti ndikayambe ndagona kwa mayiwo mpaka nditapeza kwanga.

Achimwene anali m'kati, atafulatira khomo.

"Ndiye wakapezako chiyani kuphiriko?" anafunsa osatembenuka.

"Ndakaonako kwanu kuno, achimwene. N'kochepa."

Ndinaganiza kuti mwina afunsa kuti kumaoneka bwanji, ndipo akanafunsa ndikanawafotokozera zonse, ndikanawatenga ndekha Lamulungu linalo. Anadzuka, anatambasula mkono wabwinowo, n'kutseka chitseko.

Papita zaka ziwiri tsopano. Ndimakhala m'kachipinda ka kudambo, ndipo mvula ikagwa ndimakweza matiresi pa makireti. Tikakumana kutchalitchi achimwene amayankha moni wanga ngati wa munthu wongodziwana naye, ndipo zimandiwawa nthawi zonse. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.