Kombi ya a Obed yokhala ndi bedi

Achimwene anga a Obed anagwira ntchito ku njanji kuno ku Mutare kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu. Ankakonza mabogi a sitima, ndipo manja awo ankadziwa chitsulo. Mutu ndi umene unali wouma. Ndikunena ine mlongo wawo, amene ndakhala nawo moyandikana ku Dangamvura zaka zonsezi.

Atapuma pantchito, alamu anga a Emelda n'kumwalira, ana onse ali ku Joni, nyumba inawakulira. Ndiye anakakoka kombi, kaminibasi kaja, yakufa kwa munthu wina ku Florida konkuno ku Mutare, yopanda mipando, nkhuku zikuikiramo mazira. Anaigogoda chaka chathunthu mpaka inalira. Anaikamo bedi la matiresi, kasitovu ka gasi, chigubu cha madzi, ngakhale makatani a maluwa. Akuti anaonera mzungu wina amene anali bwana wawo kale, yemwe ankakoka kanyumba kumbuyo kwa galimoto popita kutchuthi. Koma abale inu, zosirira zinazi!

Cholinga chokha chinali chabwino. Ife tinakulira pa komboni ya famu ina ku Imbeza, kumene bambo athu anafikira atachoka ku Dedza. Mafamu atagawidwa, anzathu a pakombonipo anabalalika. Ena anapita kokumba golide ku Penhalonga, ena kwa ana awo, ena kumanda. Achimwene ankafuna kuwayendera otsalawo mmodzimmodzi maso akadali kuona. Ndipo woyamba anali a Kefasi.

A Kefasi ndi achimwene anali pondaapanepondepo. Anaba limodzi mapeyala a mzungu, anakwapulidwa limodzi, ndipo pa maliro a alamu anga ndi a Kefasi amene anatsikira m'dzenje kukalandira bokosi. Iwo sanachoke pa komboni ija. Mwini munda watsopano anawasiyira kachipinda kamodzi, malinga azimulimira.

Ine ndinapita nawo. Tinafika masana, a Kefasi n'kuthamangira kombi opanda nsapato, nkhalamba yathunthu, akukuwa kuti, "Obed iwe! Obed iwe, ukadali moyo?" Anakumbatirana mpaka misozi. Akazi awo a Evah anali atazira nyumba, atabwereka bulangete latsopano kwa aneba, atayala bedi lawo lokhalo kuti pagone mlendo. Eni ake anakonza zokagona m'kakhitchini ka malata. Anapha ndi nkhuku yomwe, ndipo ine nditayang'ana pabwalo ndinaona kuti yatsala imodzi.

Achimwene nawonso anaziona zonsezi, chisoni n'kuwagwira. Pamenepo ndi pamene zinaonongekera. Mbale zitabwera, anatapa kamsuzi, n'kukankha mbale ya nyama. "Iyi sungirani adzukulu. Ine ndili ndi nyemba zam'chitini m'galimotomu."

Ndinawatsina pantchafu. Sanamve. A Kefasi atawalozera bedi lija, iwo anaseka n'kunena kuti, "Kefasi, usadzivute. Ine ndimayenda ndi nyumba yanga. Tiye ukaone."

Mayo ine! Munthu wobadwira pakomboni angaiwale zimenezi? Kwathu mlendo amadya chimene wapatsidwa, amagona pamene amuyalira, kaya ndi pamkeka wong'ambika. Ukakana, wanena kuti m'nyumbamo ndi mwauve, kapena kuti eni ake ukuwaopa. Ngakhale mwana amadziwa. Koma achimwene anatsegula chitseko cha kombi n'kuyamba kuonetsa: apa pophikira, apa posambira m'manja, tadinani matiresiwa mumve kufewa. Komboni yonse inasonkhana. Mayi wina ananena m'Chishona, mokweza dala, kuti bambo a m'tauni akuopa nsikidzi za kwa Kefasi. Anthu anafa nacho chiseko. A Kefasi anamva, n'kungoyang'ana pansi.

Ine ndinagona ndi a Evah m'khitchini muja, chifukwa bedi la amuna a eni ake sindikanaligonera. A Kefasi anakagona kwa mnzawo. M'mawa bedi lija linali chiyalire, bulangete lobwereka lija lili bwinobwino losakhwinyata. A Evah analipinda n'kukalibweza, aneba onse akuona. A Kefasi anali atalawirira kumunda, osatsanzika.

Ulendo unapitirira, ine ndinatsika. Achimwene anazungulira kwa anzawo ena, konse akugona m'chitsulo chawocho, konse akubwerako ndi nkhani yakuti anthu masiku ano asintha, sakondwera ndi alendo. Akaimbira foni a Kefasi, inkangoitana. Tsiku lina anabwera kwanga nkhope ili gwa.

"Kodi ndinamulakwira chiyani? Inetu ndinkamumvera chisoni."

Ndinawayankha kuti, "Chisoni chanucho ndi chimene chinamuvula pagulu. Munthu analandidwa ntchito, sukulu ya pafamu inatsekedwa, amalimira mnzake ngati mwana. Chimene chinamutsalira n'choti angathe kulandira mlendo. Inu n'kupita kukamulanda chomwecho, mutakwera makatani a maluwa!"

Anakwiya, osandilankhula mwezi wonse. Koma mawu aja anawadya. Mvula itayamba, anagogoda pakhomo panga atanyamula kachikwama kakang'ono, kombi yawo ataisiya kuseri kwa nyumba. Tinakwera makombi a anthu onse, mothinana, kwinako n'kuyenda pansi m'matope.

Tinawapeza a Kefasi akusema mpini pakhonde. Sanathamange. Anadzuka, n'kulowa m'nyumba, n'kutulutsa mipando iwiri, n'kuiika patali pansi pa mtengo, pamene amakhazika anthu a katemera. Achimwene anavula chipewa.

"Kefasi, mbale wanga, ndabwera chimanjamanja. Ndilibe bedi, ndilibe chakudya. Ndabwera kudzagona kwako."

Anthu awiriwa chibadwire sanalankhulanepo chinenero china koma Chinyanja cha makolo athu, chimene ngakhale adzukulu athu sachimvanso bwino. Koma a Kefasi anawomba m'manja mwaulemu n'kuyankha m'Chishona, chija amalankhula ndi mwini munda. Anati tawathandiza kubwera, anafunsa achimwene, powatchula kuti bambo, ngati ayenda bwino, n'kutiuza kuti tisachedwe, chifukwa mvula ikagwa makombi obwerera ku Mutare amasowa.