Nsapato za atate

Chiyambile kuphunzila kujambula zithunzi ku Petauke, Tisunge sakhala pansi. Aphunzitsi anamuuza kuti munthu amaonekela m'maso, ndiye amangozungulila pamsika ndi kamela, kusaka nkhope.

Atapita kwao ku Mwape, anajambula atate ake ali pafupi: makwinya, imvi, maso ofiila ndi utsi. Anawaonetsa chithunzicho.

Atate anachiyang'anitsitsa.

"Mwana wanga, wandidula miyendo," anatelo. "Nanga nsapato zija ndapukuta m'mawa wonse zili kuti?"

Tisunge anabwelela m'mbuyo, kamela ili kumaso, mpaka atate anakwanamo onse. Nkhope inachepa ngati njele ya chimanga. Chithunzi chimenecho ndicho chili pakhoma lelo, ndipo Tisunge akalowa m'nyumba amayang'ana kumbali.