Mchere wa M'thanki ya Adokotala

Kwa zaka zambiri ndinagwira ntchito ya unamwino pa kachipatala ka mano ku Woodlands. Ndinali mkulu wa antchito, ndipo makiyi onse ankakhala m'thumba la yunifolomu yanga. Eni ake a chipatalacho, adokotala, anaika m'chipinda chodikirira thanki yagalasi ya nsomba za m'nyanja yamchere, ati odwala aziyang'ana nsomba m'malo momvetsera kulira kwa makina obowolera mano. Munali tinsomba tiwiri tofiirira ta mizere yoyera, nkhono zingapo zokwawa pagalasi, ndi nsomba ina yobiriwira, yaitali ngati chala, imene iwo ankaitcha rasi. Imeneyi ndiyo ankaikonda koposa. Inabwera pa ndege kuchokera kunja, ndipo sankalola kuti tiiwale zimenezo.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, adokotala anapita kunja kukachita maphunziro a masabata atatu. Ali pakhomo, chikwama chili m'manja, anandiloza mzere wakuda umene anajambula pagalasi.

"Ba Sisita, chakudya kawiri patsiku. Madzi akatsika pamzere uwu, muziwonjezera. Wina aliyense asakhudze thanki."

Sindinafunse funso. Ndinali nditawaona kambirimbiri Loweruka akusungunula mchere wawo wapadera m'ndowa, akuuyeza ndi kachida kapulasitiki kokhala ndi muvi, kenaka n'kuthira m'thanki. Munthu amene anaphunzira kuyeza mankhwala ku koleji sangavutike ndi ndowa ya mchere. Kutentha kwa mwezi umenewo kunali kwakukulu, moti madzi ankatsika tsiku lililonse. M'mawa uliwonse ndikatsika minibasi yochokera ku Chelstone, ndinkasakaniza madzi anga, kuwayeza mpaka muvi utaima pamalo ake, n'kudzaza thanki kufika pamzere.

M'sabata yachiwiri, Lolemba m'mawa, rasi sinaoneke. Ndinayang'ana kuseri kwa miyala, pansi pa tebulo, ngakhale m'bini ya zinyalala. Amene ankafika ine ndisanafike anali munthu mmodzi yekha: mayi woyeretsa, wa ku Luapula, dera la asodzi, amene ankakhala ku Kabwata ndi adzukulu ake awiri. Kiyi wa khomo lakumbuyo ndinamupatsa ndine. Ndinamupeza akukolopa pakhonde.

"Mwauka shani, ba Sisita," anandilonjera.

"Nsomba yobiriwira ili kuti?"

Anaimika mopu n'kundiyang'ana. "Ija ing'ono? Awe, ba Sisita, olo nifune kudya, siingakwane na pa dzino limodzi."

Sindinaseke. Kunena zoona, mumtima mwanga ndinali nditaganiza kale kuti munthu wokulira pakati pa asodzi sangaone nsomba osafuna kuigwira. Cha m'ma teni koloko rasi inatuluka yokha mumchenga wa pansi pa thanki. Ndinadziwa pambuyo pake kuti nsomba za mtundu umenewu zimagona mumchenga, ndipo zikavutika zimachedwa kutuluka. Koma kutuluka kwake sikunandikhazike mtima pansi, chifukwa sinkasambira monga kale. Mutu unali m'mwamba, mchira pansi, thupi litapendekera kumanzere. Inkathamanga mwadzidzidzi, kugunda galasi, kenaka n'kukagona pamwala ngati yatopa.

Ndinatenga pepala n'kuyamba kulemba monga ndimalembera za wodwala. Ndinaunika khungu lake ndi katochi kathu koonera m'kamwa, kufunafuna timadontho toyera timene ndinamva kuti ndi matenda ofala a nsomba zotere. Panalibe. Zipsepse sizinang'ambike, mimba sinatupe, maso anali oyera. Palibe nsomba ina imene inkailuma. Makina opopa mpweya ankagwira ntchito, ndipo ngakhale magetsi ankazima masana, jenereta yathu inkayaka nthawi yomweyo. Chimene ndinaona ndi kupuma kwake kofulumira, komanso kuti chakudya inkangochinunkhiza. Tinsomba tiwiri tija tinkakhala pakona, tofooka. Nkhono ziwiri zinali zitagwa pagalasi n'kugona chagada.

Matenda a nsomba sangagwire nkhono ndi nsomba tsiku limodzi, ndinatero mumtima. Choipa chili m'madzi. Ndipo chinthu sichilowa m'madzi popanda dzanja la munthu.

Kuyambira tsikulo ndinayamba kumulonda mayi uja. Ndinatsegula kabati kake iye atapita kukagula chakudya chamasana, ndipo ndinapezamo chitini cha mankhwala opopera mphemvu ndi botolo la mankhwala opukutira mawindo. Mawa lake ndinanyamuka ndi minibasi yoyamba kuti ndifike iye asanandiyembekezere. Ndinaima panja pa windo n'kumuona ali pathanki, nsalu ili m'manja, akupukuta m'mphepete mwa chivundikiro. Atamaliza anaika chala pakamwa.

Ndinalowa osagogoda.

"Mai, adokotala anati chiyani za thanki iyi?"

"Sininagwile manzi, ba Sisita. Nipukuta chabe vija voyela vamene vichoka pamwamba."

"Onetsani manja."

Anawatambasula. Ndinawanunkhiza, mayi wamkulu ngati ine ndemwe, ndipo ankanunkha sopo ndi polishi ya pansi. Ndinatenga nsalu ija n'kuitsekera m'pulasitiki ngati umboni. Iye anangotola ndowa yake.

Masana omwewo ndinalembera adokotala uthenga pafoni. Ndinafotokoza zizindikiro zonse mwadongosolo, ndi chitini chija, ndi nsalu. Yankho linabwera lalifupi, chifukwa anali m'kalasi: ngati ndili wotsimikiza, mayiyo asiye ntchito Lachisanu, ndipo ndimulande kiyi. Ndinalemba kalata yomuchotsa, ndinaisaina, n'kuiika mu envulopu m'dirowa yanga. Ndinamuletsanso kulowa m'chipinda chodikirira, ndipo kwa masiku atatu ndinkachikolopa ndekha.

M'masiku atatuwo rasi inaipiraipira. Izi zinandivuta, koma ndinazipezera chifukwa: poizoni akalowa m'madzi sachoka msanga. Ndinafika mpaka poganiza kuti mwina mayi uja ali ndi kiyi wina.

Lachisanu m'mawa ndinali nditagwada patsogolo pa thanki, ndikutakasa mchere m'ndowa, envulopu ili kale m'thumba. Mayi uja anaima pakhomo, zala za kumapazi zili ndendende pamalire amene ndinamuikira.

"Ba Sisita, nikambeko?"

"Nenani."

"Nidziwa lelo ndiye lelo. Ba pa resepushoni ananiuza za kalata. Manje nifuna chabe kufunsa. Imwe ku nyumba mukaphika nyemba, supu yauma pa mbaula, mumaikamo chani? Manzi, olo mchele futi?"

Dzanja langa linaima m'ndowa.

"Vija voyela nipukuta, ni mchele. Kudala vinali ving'ono. Manje tsiku lililonse vichuluka. Ba dokota m'mawa amathila manzi ya mu chigubu chija cha mu ofesi, yalibe mchele. Ya mchele ni pa Satade chabe, akayamba achotsako yakale."

Ndinatenga kachida kaja koyezera. Masiku onsewo ndinkayeza madzi a m'ndowa, ndipo anali olondola nthawi zonse. Madzi a m'thanki sindinawayezepo ngakhale kamodzi. Nditakamiza, muvi unakwera kudutsa malo ake n'kukaima pafupi ndi mapeto. Ndinatsuka kachidako n'kuyezanso, poganiza kuti kawonongeka. Muvi unabwerera pomwepo. Dzuwa linkatenga madzi okha n'kusiya mchere, ndipo ine m'mawa uliwonse ndinkawonjezera mchere wina pamwamba pake, mosamala kwambiri. Chinthu chimenechi ndinachiphunzira ndili kusekondale.

Ndinawaimbira adokotala osalemba uthenga, chifukwa nkhani yotere siyenera kubisala m'malemba. Ndinawauza kuti woipitsa madzi ndine, ndi kuti mayi woyeretsa ndiye wazindikira. Anafunsa pamene muvi waima. Anandichenjeza kuti ndisatsitse mchere mofulumira, chifukwa kusintha kwadzidzidzi kungaphe nsomba msanga kuposa mcherewo. Ndizichotsa madzi pang'ono, kubwezeramo oyera a m'chigubu, kudikira maola angapo, n'kuyezanso. Za kalata anangoti, "Munalemba ndinu, ba Sisita. Muone chochita nayo."

Ndinamuitana mayi uja mu ofesi, ndinamupatsa mpando, n'kung'amba envulopu iye akuona. Ndinamubwezera nsalu yake. Ndinamuuza kuti ndinamulakwira pomunamizira, pomufufuza m'kabati ndiponso pomununkhiza manja. Mawu amenewa ndinawatchula onse, limodzi ndi limodzi, chifukwa kupepesa kosatchula cholakwa sindikuwerengera.

"Vapita, ba Sisita," anatero. "Koma polishi yasila, yatha."

Zinatenga masiku asanu kuti muvi ubwerere pamalo ake. Nkhono ziwiri zija zinafa. Rasi inayamba kudya pa tsiku lachitatu, ndipo pamene adokotala ankabwerera inali ikusambira mowongoka, ngakhale ine ndinkaonabe ngati ikupendekera pang'ono ikamatembenuka. Mayi uja anakhalabe pantchito, kiyi wake ali nayo.

Chinthu chimodzi chokha sichinandichoke m'mutu. Patapita masabata angapo, tili awiri m'khitchini, ndinamufunsa kuti anazindikira liti kuti vuto ndi mchere.

"Pamene ninalawa," anayankha, akutsuka makapu.

Limenelo linali tsiku limene ndinamuona pawindo, masiku ndithu Lachisanu lisanafike. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere pomwepo.

"Munati nionetse manja, ba Sisita. Simunanifunse vamene naona."

Mwina n'zoona kuti ankandiopa. Mwinanso ankafuna kuti ndifike kaye pamapeto, kalata ili m'thumba, kuti phunzirolo lindilowe bwino. Tinagwira ntchito limodzi zaka zina zinayi, ndipo kangapo ndinkamuyang'anitsitsa akamapukuta galasi lija, koma nkhope yake sinandiuze kanthu. Kuyambira pamenepo madzi a m'thanki ndinkawayeza m'mawa uliwonse, ndipo nambala yake ndinkaiwerenga mokweza kuti iyenso amve.