Makapu Atatu a Madzi pa Benchi la Odikira

Vutoli ndinalizindikira nthawi yosoka fodya, kwathu kwa Kaluluma. Ndinkatuluka m'chigafa kasanu dzuwa lisanafike pamutu, koma mkodzo unkangodontha. Ndinapirira mpaka fodya atagulitsidwa, ndipo kumeneko kunali kupusa kwanga. Mu Ogasiti anandiyeza magazi, kenako anadula kanyama, n'kundiuza kuti ndili ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo.

Ku chipatala chachikulu anati aiwotcha ndi makina. Anandipatsa pepala, ndikadali nalo: imwani makapu atatu a madzi hafu seveni, musakodze, mulowa eyiti koloko. Akuti chikhodzodzo chikadzaza, matumbo amatalikirana ndi moto wa makinawo. Masamu ake anali olondola, koma wowerengerayo anali asanakhalepo pa benchi lathu.

Tsiku loyamba ndinalowa teni koloko. Tsiku lachitatu ndinalephera kupirira, ndinapita kuchimbudzi, ndipo anandibweza kuti ndikamwenso. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, ine mkulu wa mpingo ndinadzinyowetsa pa benchi, pamaso pa apongozi anga, akazi a mwana wanga, amene ankandidwazika. Anandifunditsa chitenje chawo. Ndinanyansidwa, ndinawauza kuti amange katundu tizipita kumudzi. Namwino anandichenjeza kuti ndikasiyira panjira, khansayo idzabwerera ndi ukali.

M'kope langa ndinali nditalemba nthawi yomwera ndi yolowera, yanga ndi ya abambo ena anayi. Ndinafunsa amene analemba pepala la madzilo. Anandilozera mayi wina wachitsikana, katswiri woyeza mphamvu ya makinawo, amene ankangokhala m'chipinda cha makompyuta. Ndinamugogodera n'kumupatsa kopelo, ndipo analiwerenga kawiri.

"Bambo, ifetu timangoona zithunzi. Sitimadziwa kuti mumadikira chonchi."

"Mayi, kuchoka pakhomo lanuli kufika pa benchi n'pafupi kuposa kuchimbudzi," ndinatero.

Kuyambira m'mawa mwake, namwino ankatiuza kumwa madzi kukatsala anthu awiri patsogolo. Ndinamaliza masiku onse osanyowanso.

Panopa ndimakodza bwino, magazi amandiyeza miyezi itatu iliyonse, ndipo nazale ya chaka chino ndafesa ndekha. Koma zimandinyansabe kuti anthu ophunzira chotero anadikira nkhalamba ichite manyazi kuti asuzumire panja.

Amuna anzanga, mkodzo ukayamba kuvuta pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ndipo lamulo la kumeneko likakuzunzani musathawe chithandizo. Funsani amene analilemba, mukamugogodere.